Kukamwa kwa chipper, osati nambala yolembedwa pambali

Lachinayi lapitali, tikugwira ntchito yathu yodula mitengo kuseri kwa nyumba ina kufupi ndi Leicester ku England, ndinamvetsa chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu kuyambira Januwale. Mtima wakhala pansi tsopano, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale mmene zinalowera.

Nthawi yonseyi ndinkayeza chipper, makina ogaya nthambi kukhala tizidutswa, ndi nambala yake yonena kunenepa kwa mtengo umene ingalowetse: ya mainchesi 6, ya 8, ya 12. Kwa ine nambala ikakula ndiye kuti ntchito ithamanga, basi. Abwana atanena kuti akufuna kusintha makina ndipo ndiganizireko, poti ine ndi amene ndimakhala nawo pansi tsiku lonse iwo ali m'mwamba pa chingwe, ndinayankha msangamsanga kuti tigule ya 8. Anangondifunsa kuti ndi liti pamene ndinalowetsamo chipika cha mainchesi 6. Ndinasowa chonena. Sindinalowetsepo. Chilichonse chonenepa kuposa mkono timachidula n'kuunjika pambali, ndi nkhuni zimenezo, eni nyumba amazifuna. Kwathu ku Dedza ngakhale tinthambi timene tikugaya kunoti palibe angatitaye, agogo ataona angati mwana wapenga. Mwezi woyamba zinkandiwawa ndithu.

Funso lawo ndinalimva, koma silinakhazikike mpaka Lachinayi lija. Makina athu, Timberwolf TW 230, anapita ku sevisi, ndiye tinabwereka ena. Nawonso olembedwa mainchesi 6, koma kukamwa kwake kunali kofanana mbali zonse, pamene athu ndi otambalala, mamilimita 230 m'mbali ndi 160 m'mwamba. Mtengo wa tsikulo unali hawthorn, waminga, nthambi iliyonse mphanda pamwamba pa mphanda. Pa makina athu nthambi yotere ndimangoilozetsa, ma roller, zitsulo zozungulira zokokera nthambi mkati, n'kuigwira, mphanda n'kupindika yokha n'kulowa. Pa obwerekawa inkafika pakhosi n'kukakamira. Bwezera m'mbuyo, tulutsa, liza chainsaw, dula mphanda, lowetsanso. Pofika masana abwana anali atakhala phee m'mwamba kundidikira, pansi pali phiri la nthambi, ine thukuta kamukamu m'nyengo yozizira.

Mpamene zinatseguka. Nambala ija imangonena za mtengo wowongoka ngati nzimbe, ndipo mtengo wotere pa ntchito yathu ndi wosowa. Chimene chimadya tsiku ndi mphanda. Chipper sitigulira zipika, timagulira kuti munthu wapansi asamadule nthambi kawiri. Ndiye choyamba kuyang'ana ndi kutambalala kwa kukamwa, chachiwiri mphamvu ya ma roller pokoka ndi kufinya. Ndikamalemba chonchi zikuoneka zachibwana, koma miyezi yonseyi ndinkaziwerenga m'timabuku ta ogulitsa osaziona. Kampani ya Först imalemba kukamwa kwa chipper yawo ya ST6 kuti mainchesi 6 ndi 8, ine nkumangoona 6 yokhayo.

Zitatero ndinayambanso kumva bwino za no-stress, njira imene chipper imatetezera injini kuti isalemedwe. Aliyense amene anakaimapo pa chigayo cha dizilo amadziwa kuti ukathira chimanga chambiri kamodzi injini imasintha mawu, wogayitsa n'kutseka pang'ono mpaka ibwerere mwakale. Chipper imachita zomwezo yokha: liwiro la injini likatsika ma roller amaima, chitsulo chonyamula mipeni chikapezanso liwiro amayambiranso. Ine ndinkati makina akamaimaima ndiye kuti injini ndi yaing'ono. Nthawi zambiri si injini ayi, ndi mipeni yobuntha, kapena mpata wa pakati pa mpeni ndi anvil, chitsulo chosayenda chimene mpeni umadulirapo, wakula. Umaonera tizidutswa totuluka: tikayamba kutuluka tatitali, tonyenyeka ngati luzi, usanene injini.

Tsopano ndili ndi njira yanga, ndipo palibe angandichotse. Ndimawerenga kuti ndaliza chainsaw kangati pansi chifukwa choti nthambi yakana kulowa. Lachinayi ndinasiya kuwerenga nditapitirira 40. Lolemba, makina athu atabwera, pa ntchito yofananako, sikanafike 10. Kwa ine nambala imeneyi ikuposa zonse zolembedwa m'timabuku, akavalo a injini, matani pa ola, zonsezo. Wogulitsa akabwera kudzationetsa makina, asabwere ndi mitengo yake yowongoka. Ndidzamusungira hawthorn ndi leylandii yonyowa, mtengo wa mpanda wofanana ndi mkungudza, ine n'kuima pambali kumawerenga. Mnzanga wa pantchito akuti ndayamba kuipembedza njirayi. Mwina, koma sinandinamizebe.

Mbali ina imene ya 8 ija inagwera ndi galimoto. Tipa yathu ndi ya matani 3.5, ndipo ukachotsa kulemera kwa galimotoyo, bokosi, zida ndi anthu awiri, chotsala chonyamula ndi tani imodzi kapena kucheperapo. Tizidutswa taziwisi timalemera, makamaka ta leylandii mvula itagwa, moti kulemera kumakwana bokosi lisanadzaze. Makina aakulu angangotithamangitsira kudzaza, kenako ola lathunthu pamsewu kukataya. Komanso a mainchesi 6 ambiri amapangidwa dala kuti asapitirire makilogalamu 750. Kale chifukwa chachikulu chinali layisensi: amene anakhoza kuyendetsa kuyambira 1997 ankafunika mayeso ena kuti akoke ngolo yolemera ndi galimoto ngati yathuyi, mpaka lamulo linasintha mu Disembala 2021. Lero chifukwa changa ine ndi msana. Makilogalamu 750 anthu awiri timamasula n'kukankha mpaka pageti. Yoposa tani imaima pamene galimoto yaima, ndipo mtunda wotsalawo ndi ine wokoka nthambi.

Chimene chikundinyansa n'chakuti zonsezi munthu akanandiuza m'mphindi khumi. Kosi ya chipper imene ndinachita inali ya tsiku limodzi. M'mawa wonse unathera pa chitsulo choimitsira ma roller, kuima pambali osati kutsogolo, kukankha tinthambi tatifupi ndi ndodo osati dzanja, zovala zosalendewera. Sindikutsutsa, makinawa akakugwira sabweza. Koma nditafunsa aphunzitsi kuti munthu amasankha bwanji makina, anangoti zimatengera ntchito, n'kuyang'ana wotchi. Zimatengera chiyani pa ntchitoyo? Ndalama ndinalipira ndekha. Ndipo nthawi yowerenga ilipo kuti? M'nyengo yozizira kuno 4 koloko kwada, umafika kunyumba mapewa ali nyenyenye, kutsegula foni kuti uwerenge za ma hydraulic n'kudzidzimuka pakati pausiku foni ili pachifuwa.

Abwana ndawauza kuti tikhale pa mainchesi 6 a kukamwa kotambalala. Apo ndaima nji. Kwinaku ndikadali kuzungulira. Malamulo a utsi a Stage V atayamba mu 2019, injini za dizilo zopitirira makilowati 19 zinafunika sefa ya mwaye, ndiye opanga ambiri anagawa pawiri: dizilo ya akavalo osafika 25, kapena petulo ya akavalo 37. Mtima ukukokera ku petulo chifukwa imabweza liwiro msanga, koma ndikaganiza zothira mafuta tsiku ndi tsiku ndimabwerera. Palinso ya matayala a unyolo yoyenda yokha, imene ingandipulumutse kukoka nthambi m'minda italiitali, koma imafuna ngolo yakeyake ndipo kapinga wa eni ake amavulala. Ndiye pali ntchito za mitengo ya ash yodwala dieback, matenda oumitsa nthambi, zimene zikuchulukirachulukira, youma, yothyoka ngati bisiketi, mphanda zake zosavuta n'komwe. Pamenepo kuwerenga kwanga kwa chainsaw kukhala ngati sikunena kanthu. Kapena kukunena, ine ndiye sindinadziwe chowerenga. Sabata yamawa tili ndi ash itatu, ndikaona kaye.