Mpanda wa kazembe ndi mkwiyo wa matchona

Ndinagwa pa chiganizo choyamba chenicheni. Aphunzitsi athu a phunziro la ubale wa mayiko anatipatsa ntchito yolemba masamba asanu poyankha funso lakuti, kodi boma lili ndi ufulu wogulitsa nyumba yakale ya kazembe wake imene ili kunja? Ine ndinayamba ndi zimene ndakhala ndikumva chibadwire: kuti ukangolowa pachipata cha kazembe ndiye kuti waponda nthaka ya dziko lake, choncho kugulitsa nyumbayo sikusiyana ndi kucheka chigawo cha dziko n'kukachiyala pamsika. Pepala linabwera chiganizocho atachizunguliza ndi cholembera chofiira. M'mphepete munali mawu awiri basi: "Anakuuzani ndani?"

M'minibasi yopita ku Chilenje, muno mu Lusaka, usiku umenewo ndinkangong'ung'udza chamumtima. Anandiuza ndani? Aliyense! Masana ndimagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Kamwala, kalasi ndi yamadzulo, ndipo nthawi yowerenga ndimachita kuiba. Ndiye kulemba masamba asanu n'kuuzidwa kuti wamanga pamchenga, zimawawa.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Lamlungu lake ndinatsitsa pafoni Pangano la ku Vienna la 1961, limene limayala malamulo a ukazembe, n'kuwerenga ndime 22 katatu konse. Ndimeyo imati apolisi kapena akuluakulu ena a dziko limene kazembe akukhalamo saloledwa kulowa mumpanda wake pokhapokha mkulu wa ofesiyo atavomera. Imatinso dzikolo lili ndi udindo woteteza malowo, ndipo katundu ndi magalimoto a ofesiyo sangasechedwe kapena kulandidwa. Ndinafunafuna pamene akunena kuti nthaka yasintha mwini, osapapeza. Ndime 1 ndiye inandimaliza, chifukwa pofotokoza za malo a kazembe imanena poyera kuti zilibe kanthu kuti mwini nyumbayo ndani. Ikhale yogula, ikhale yalendi, chitetezo n'chimodzimodzi. Chimene akuteteza ndi ntchito imene ikuchitika m'katimo, njerwazo ayi.

Apa ndinaseka ndekha, poti ife alendi nkhaniyi timaidziwa bwino. Alandilodi athu sangangokankha chitseko n'kulowa kuchipinda kwanga ngakhale nyumba ndi yawo, koma sindinalotepo kuti chipindacho chasanduka changa. Julian Assange, amene anayambitsa tsamba loulula zinsinsi la WikiLeaks, anabindikira mu ofesi ya kazembe wa Ecuador ku London kuyambira 2012 mpaka 2019, apolisi osatha kumulowera. Tsiku limene anamugwira anachita kuloledwa ndi eni ofesiyo. Zaka zonsezo munthuyo anali ku London, ku Ecuador sanapondeko.

Ndiye kumbali ya lamulo, funso lija silivuta. Boma lingagulitse. Kazembe akasamuka, mbendera n'kutsika, nyumbayo imasanduka nyumba wamba. Kuno ku Lusaka a ku America anasamutsira ofesi ya kazembe wawo ku Ibex Hill, ndipo dziko lawo silinachepe.

Zinavuta nditasankha nkhani yeniyeni yoti ndiifukule, ya ku Bangkok, likulu la Thailand. Dziko la Britain linapeza malo kudera la Ploenchit m'zaka za m'ma 1920, panthawiyo kunali kunja kwa mzinda. Mzinda unakula n'kuwameza, mpaka mpandawo, ndi kapinga wake, mitengo yake ikuluikulu ndi chiboliboli cha Mfumukazi Victoria, unapezeka pakatikati pa nyumba zosanja zamalonda, pamalo amene aliyense wandalama ankawalozera. Mu 2006 anadulako chigawo chakumsewu n'kugulitsa, ndipo pamenepo panamangidwa chinyumba cha masitolo chotchedwa Central Embassy. Za ukazembe panangotsala dzinalo. Mu Januwale 2018, Boris Johnson ali nduna yoona za kunja, analengeza kuti zotsalazo azigulitsa kwa makampani a Central Group ndi Hongkong Land pamtengo wosachepera mapaundi 420 miliyoni. Ndinayesa kuzisandutsa makwacha pa kakyuleta ya kusitolo, maziro anandizunguza mutu. Mu 2019 nyumba yogona kazembe ija inagwetsedwa. Chipilala chokumbukira amene anafa pankhondo anachisamutsira ku British Club, ndipo ofesi ya kazembe inakalowa m'nyumba yosanja ya maofesi ku Sathorn, ngati kampani ina iliyonse.

Boma linati ndalamazo zikonzera maofesi ena a ukazembe 30 kapena 40, monga a ku Washington, Cairo ndi New Delhi, mpaka mawaya a magetsi a ku Paris. Apa mtima wanga uli pawiri mpaka lero. Kusunga chuma chotere mu kapinga pamene madenga ena akudontha si nzeru. Komabe kugulitsa munda kuti ukonze denga kuli ndi kafungo ka kudya mbewu. Munda umagulitsidwa kamodzi, pomwe dengalo lidzadonthanso, ndipo tsiku limenelo udzayang'ana uku ndi uku kufuna china chogulitsa.

Ndale nazo sizichedwa kulowererapo. Mu Januwale 2018 momwemo Donald Trump anakana kupita kukatsegulira ofesi yatsopano ya kazembe wa America ku Nine Elms, ku London, ati boma la Obama linagulitsa yakale ya ku Grosvenor Square motchipa. Chikhalirecho ganizo losamukalo linalengezedwa mu 2008, George W. Bush akadali pampando. Ku Kenya nako, mu 2010 nduna yoona za kunja Moses Wetang'ula inayamba yatula pansi udindo kwa kanthawi chifukwa cha mafunso okhudza kagulidwe ka malo a kazembe ku Tokyo, kenako inabwezeretsedwa. Nyumba zimenezi zili kutali ndi maso a eni msonkho, ndipo ambiri aife sitidziwa n'komwe kuti dziko lathu lili ndi zingati kunjako.

Chimene chinkandiseketsa powerenga za ku Bangkok chinali kudandaula kwa Angelezi okhala kumeneko. Munthu unachoka kwanu mwakufuna kwako, watha zaka ukuwotha dzuwa la eni, lero ukulirira kapinga amene mwina unamupondapo kamodzi pa chaka? Ndipo ndinali ndi chifukwa changa chosekera, chifukwa nafe tili naye wathu.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, ali ku Leeds, ku Britain, zaka zoposa makumi awiri tsopano, akusamalira okalamba. Pa gulu lathu la banja la WhatsApp ndiwo tambala. Tisanadzuke n'komwe amakhala atatumiza kale uthenga wamawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri: kwacha yatani, nduna yakuti yanena zotani, thumba la unga lakwera chifukwa cha ndani. Amayi amangomvera theka n'kunena kuti, "Mlongo wangayu akulamulira Zambia ali mujekete." Ine ndinkawaona ngati munthu wolongolola kumpira ali pamwamba pa mtengo kunja kwa bwalo.

Ndinawatumizira nkhani ya ku Bangkok ndikuyembekeza kuti tiseka limodzi. Yankho linabwera usiku, magetsi atazima, ndikudya nsima ya kapenta powala kandulo. Mawu awo anali otsika, osati aja a m'mawa.

"Iwe mphwanga, sunatchonepo, n'chifukwa chake ukuseka. Ine tsiku lopita ku London kukakonzetsa pasipoti ku ofesi ya kazembe wathu ku Palace Gate ndimadzuka m'bandakucha, ndimasita malaya ngati ndikupita kutchalitchi. Ndikangoiona nkhwazi ija pambendera, mapewa amatsika okha. Ndikakhala pampando kudikira, uyu akuyankhula Chinyanja, uyo Chibemba, wina akufunsa ngati kwathu mvula yayamba. Chipepala chako cha ku Vienna chinene zimene chikunena, koma ine pamenepo ndimakhala ndili kwathu. Atati agulitse osatifunsa, ndingalire."

Mawu akuti "osatifunsa" ndi amene anandikhala m'mutu. Nditabwerera ku mabuku ndinapeza kuti panthawi imene mpanda wa ku Bangkok unkagulitsidwa, lamulo la ku Britain linkati nzika ikakhala kunja zaka zoposa 15 imataya ufulu wovota. Oterowo sanavote ngakhale pa referendamu ya 2016 yotuluka mu European Union, nkhani imene inkakhudza moyo wa ambiri a iwo mwachindunji. Malire a zaka 15 amenewo anachotsedwa mu Januwale 2024. Kuganiza kwanga n'kwakuti munthu wolandidwa voti amatsala ndi pakamwa pokha, ndiye amapagwiritsa ntchito mopyola muyezo. Zathu kuno sizikusiyana kwenikweni. Malamulo aakulu a dziko atasinthidwa mu 2016 analola unzika wa mayiko awiri, koma pa chisankho cha 2021 amalume sanavote chifukwa kunja kunalibe malo oponyera voti. Anzathu a ku Mozambique anapatula mipando iwiri mwa 250 ya nyumba ya malamulo kuti ikhale ya nzika zokhala kunja, wina wa okhala mu Africa, wina wa okhala kwina konse. A ku South Africa amavotera m'maofesi a akazembe awo. Kwa iwowo nyumba ya kazembe ndi pomwe pamakhala bokosi la voti.

Ndikanatha kulekera pomwepo n'kulemba kuti matchona amakonda nyumba za akazembe chifukwa cha chifundo cha kwawo, kwanu n'kwanu m'thengo mudalaka njoka. Agogo anga aakazi ndi amene anandisokoneza. Iwo anabwera ndi malemu agogo aamuna kuchokera ku Dedza dziko lino lisanalandire ufulu, n'kukhazikika ku Matero, ndipo ali komweko mpaka lero. Nditawafotokozera za amalume ndi nkhwazi yawo, anasiya kusadzula chibwabwa n'kundiyang'ana.

"Mdzukulu wanga, ameneyo ndi wamwayi. Masiku a Kamuzu ife nkhani za kwathu tinkakamba chitseko chili chotseka, wailesi titakweza. Sumadziwa kuti khutu lili kwa ndani. Ukaona mbendera ya kwanu sumathamangira, umalambalala."

Sankanena zopeka. Mu 1989 mtolankhani wa ku Malawi amene anathawira kuno, Mkwapatira Mhango, anafa pamodzi ndi a m'banja lake nyumba yawo itaponyeredwa moto muno mu Lusaka, ndipo ambiri analoza chala boma la kwawo la nthawiyo. Mu Malichi 1992, patangopita masiku owerengeka maepiskopi a Katolika a ku Malawi atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, Amalawi ofuna kusintha anakumana muno mumzinda. Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, analipo. Pa 6 Epulo anabwerera kwawo n'kumangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe, ndipo mu Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Likulu la ANC, chipani chomwe chinkalimbana ndi boma la tsankho ku South Africa, nalo linakhala muno zaka zambiri, ndipo nyumba imene mtsogoleri wake Oliver Tambo ankakhala ku Chelstone inasungidwa ngati malo a mbiri. Ndakulira mumzinda umene anthu olongolola za kwawo ali kutali anagwedezerapo maboma, ine n'kumaseka amalume. Ndinachita manyazi pang'ono.

Pang'ono pokha, chifukwa sindinawapatse chigonjetso chonse. Akamandiuza mtengo wa unga ndimawakumbutsa mwaulemu kuti, "Amalume, thumbalo ndimasenza ndine." Pali zinthu zimene munthu sangazidziwe pa Facebook, monga mmene abwana amakuyang'anira ukapempha malipiro mwezi usanathe. Ndipo Zambia imene iwo amaiteteza nthawi zina ndi ya chaka chimene anakwera ndege, yoti inatha kale.

Pepala lachiwiri ndinayankha kuti inde, boma lingagulitse, koma masamba atatu ndinathera pa mmene liyenera kugulitsira: mtengo udziwike, wogula adziwike, nyumba ya malamulo ione kumene ndalamazo zapita, ndipo nzika zimene zimagwiritsa ntchito nyumbayo zimvedwe kaye ngakhale zilibe mphamvu yoletsa. Ndinaikamonso ndime ya agogo, yosonyeza kuti mpanda womwewo ungakhale kwawo kwa wina n'kukhala choopsa kwa mnzake, malinga ndi amene ali pampando kumudzi. Ulendo uno inki yofiira inachepa. Pandime ya agogo anandilembera kuti, "Mfundo yabwino, koma umboni wake uli kuti?" Ndiye ndili ndi ntchito ina yokafufuza kulaibulale, chifukwa mawu a agogo ku Matero sawerengedwa ngati buku.

Kunyumba ya ku Materoko nako kwabuka nkhani. Denga ladontha mvula ziwiri, khoma lakuseri lang'aluka, ndipo pali munthu akufuna kugula kuti amangepo timashopu. Amayi ndi azakhali akuti igulitsidwe, agogo adzakhale nafe ku Chilenje. Amalume, amene anagonamo komaliza pamaliro a agogo aamuna, akuti ingagulitsidwe iwo atafa. Tinakumana Lamlungu lapitali pakhonde. Kale pa zokambirana zotere tinkangowauza zimene tagwirizana. Ulendo uno ndinagula bandulo yokwanira, n'kutsamiritsa foni pachitini cha shuga pakati pa mphasa kuti aone nkhope za onse. Anayankhula mphindi makumi awiri osapuma. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anawerama n'kuyandikiza pakamwa pafoniyo ngati akuyankhula ndi munthu wogontha.

"Tamva, mwanawe. Nanga malata utumiza liti?"