Mpunga wanga wafika ku Mbare koma ndatopa

Abale, katundu wafika ku msika wa Mbare ku Harare, koma nkhani ya malonda opanda msonkho ija musamangoimvera pa wailesi. Papepala zilipodi, Malawi ndi Zimbabwe onse ali mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo ife a geni zing'onozing'ono tili ndi STR, ndondomeko yofewetsa malonda apaboda: katundu wosapitirira madola a ku America 2,000 salipira msonkho wa paboda bola akhale wolimidwa kapena wopangidwa ku Malawi komanso ali pa mndandanda womwe maiko awiriwa anagwirizana. Mndandandawo muwuone musanatulutse ndalama ku Limbe. Mpunga wa Kilombero ndi wathu wa ku Karonga, koma zitenje zambiri mumashopu muja ndi zakunja, kugulira ku Blantyre sikuzisandutsa za ku Malawi, zimenezo mulipira basi.

Chomwe chandipsetsa mtima ndi ejenti wina amene anandipeza ndikutsika basi paboda. Akuti amayi bweretsani mapepala ndikuthamangitsireni, watenga ndalama, wasowa. Ine ndakhala pa thumba la mpunga dzuwa likuswa mtengo, basi yapita, anzanga ali ku Tete ine ndikadali pomwepo, pobwera madzulo wandibweretsera fomu ya STR yomweyo yopanda sitampa akuti onjezerani. Fomuyo ndi yapafupi, mutha kulemba nokha! Ndinalemba ndekha mawa lake zinatheka. Musapatse ejenti mapepala anu.

Ndayiwala, zakudya zimafuna chikalata cha a zaulimi, chikonzeni musananyamuke, ndipo STR imachotsa msonkho wa paboda wokha, misonkho ina imakhalapobe, sungani kenakake kumbali. Mozambique sali mu COMESA, mukungodutsamo, malisiti akhale m'manja mpaka Nyamapanda, boda yolowera mu Zimbabwe.

Ndili pathumba paja ndimaona mathiraki a makampani akuluakulu akudutsa, mapepala awo anakonzeredwa kale pa kompyuta. Bambo anga ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, ESAP, ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma ku Zimbabwe, itabwera mu 1991 zipata zinatsegulidwa, zovala zotchipa zinasefukira, ntchito zinatha. Lero pitani ku mashopu a Gulf mu Harare muone, pafupifupi chilichonse ndi chakunja, ndipo lamulo lija la ku Zimbabwe loti eni dziko akhale ndi 51 peresenti ya makampani akunja linafewetsedwa mu 2018 kuti akunja abwere ndi ndalama. Abwere, sindikukana, koma phindu likamatuluka kunja ife tikugona paboda chifukwa cha matumba a mpunga, zikundiwawa.

Amene mukupita mwezi uno, fomu lembani nokha, ejenti ayi.