Madzi a kumbuyo kwa silinda akukana kugwedezeka

Za masana ano sizikundichoka m'mutu. Wophunzira wa masitazi anabwera ndi laputopu, nkhope ili mwee, akuti simulation yake (kuyerekezera kayendedwe ka zinthu pa kompyuta) ya madzi odutsa pa silinda yatheka. Pulogalamu ya OpenFOAM, 2D (m'litali ndi m'lifupi mokha), Reynolds number 100 (nambala imene imakwera madzi akamathamanga, n'kutsika akamalimba ngati phala). Chithunzi chake chokongola ndithu, koma kumbuyo kwa silindayo madzi ali phee, mizunguli iwiri yofanana ndendende, wina m'mwamba wina m'munsi.

"Adokotala, ma residual onse atsika."

Ma residual ndi manambala osonyeza mmene yankho la kompyuta likuphonyerabe masamu ake. Kutsika atsikadi, koma zimenezo zimangosonyeza kuti kompyuta yamaliza masamu amene yapatsidwa, osati kuti madzi amayenda choncho. Reynolds number ikapitirira 47, mizunguli ija imayamba kuthothoka mosinthana, uku kenako uku. Pa 100, Strouhal number (muyeso wa kufulumira kwa kuthothokako) imakhala pafupifupi 0.165, drag coefficient (muyeso wa mphamvu yokankhira silinda kumene madzi akulowera) cha m'ma 1.33, ndipo lift (mphamvu yoikankhira m'mwamba kapena m'munsi) iyenera kumakwera n'kumatsika. Yake inali mzere wowongoka pa ziro.

Titatsegula fvSchemes, fayilo yosankhira njira zowerengera, tinapeza njira yotchedwa upwind. Imeneyi anthu amaikonda chifukwa siphulika wamba, koma pa mesh (ukonde wa maselo umene kompyuta imagawiramo malo a madzi) ya maselo akuluakulu imawonjezera kulimba kwabodza, madzi n'kumayenda ngati phala. Reynolds number imene kompyuta ikuona imatsika, mizunguli osathothoka. Ndinamuuza aike linearUpwind, njira yolondola kuposa upwind, achepetse kukula kwa maselo ozungulira silinda ndi a m'njira ya kumbuyo, potulukira madzi atalikitse kufika pa 20D (D ndi kukula kwa silinda m'mimba mwake) kapena kuposa. Kukula kwa maselo kukachepa ndi theka, deltaT (kutalika kwa sitepe iliyonse ya nthawi) nayo idulidwe ndi theka kuti Courant number (chiwerengero cha maselo amene madzi amadutsa pa sitepe imodzi) ikhale pansi pa 1, apo ayi icoFoam, chowerengera cha mu OpenFOAM, ikhoza kufa ndi uthenga wa floating point exception. Komanso mesh ikakhala yofanana mbali zonse, kugwedezeka kumachedwa kuyamba. Ndi bwino kupendeketsa pang'ono liwiro loyambira.

Chimene chikundiwawa si upwind ayi. Mwanayu ndi wakhama, amagona mochedwa, koma palibe nambala ngakhale imodzi imene anaiyerekeza ndi zimene ena anayeza kale. Mitundu ya mu ParaView, pulogalamu yoonera zotsatira, ndiyo inamukhutiritsa. Nditafunsa za ma mesh atatu osiyana kukula, oti tione ngati drag yasiya kusintha, anangoti, "Nthawi yatha, Adokotala, anzanga onse akupereka mesh imodzi."

Madzulo, kaya kunali kutada kale, ananditumizira uthenga: sabata yamawa akufuna kuyamba Reynolds number 3900. Pamenepo 2D sigwiranso ntchito, pafunika 3D ndi LES (njira yowerengera mizunguli ikuluikulu ya madzi ovunduka), maselo mamiliyoni, pa laputopu ya 8 GB. Sindinamuyankhebe.