Lachitatu: agogo a ku Mbare anakana kafukufuku

M'mawa ndili ku wodi anandiitana kuti ndikamasulire. Agogo ena a ku Mbare mumzinda wa Harare, amene anabwera kuno ku Zimbabwe kuchokera ku Nyasaland nthawi ya Chitaganya, anadwala sitiroko sabata yatha. Mkono wamanja sukugwira ntchito, ndipo Chishona chimene akhala akulankhula zaka zonsezi chikuwavuta. Timawu tochepa timene tikutuluka ndi ta Chichewa.

Kuli kafukufuku wa odwala sitiroko, ndipo anafuna kuwalowetsamo. Mwana wawo wachisamba anali atagwira kale cholembera. "Ndisayina ine, bambo sangathe." Adokotala aakulu anamuletsa mwaulemu. Anati sitiroko ikawononga mbali yakumanzere ya ubongo, munthu amatha kulephera kulankhula koma akumva zambiri zimene zikunenedwa. Choncho tiyambe tafunsa eni ake.

Ndinagwada pafupi ndi bedi. "Agogo, adokotalawa akufuna kuphunzira za matenda anu. Adzakutengani magazi ndi kukujambulani m'mutu. Mukakana, mankhwala mulandirabe monga mwa nthawi zonse." Ndinabwereza pang'onopang'ono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu. "Ayi, mwanangu." Adokotala anabweza pepala lija m'fayilo, osawanyengerera.

Mwana uja anakhumudwa, ndipo ndinamumvetsa. Iye ankaona kujambula kwaulere, poti sikani ya m'mutu ndi yodula. Apa ndi pamene pandivutitsa maganizo tsiku lonse: banja likakhala lopanda ndalama, kuvomera kwake kumakhala kwa ufulu bwanji? Komanso chiwalo chimene tikufuna kuchiphunzira ndi chomwecho chimene wodwala amaganizira nacho.

Mu kombi yopita ku Mufakose ndinakumbukira za dokotala wa ku Portugal, Egas Moniz, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1949 chifukwa cha opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo. Anthu masauzande anachitidwa opaleshoniyo m'maiko osiyanasiyana, ambiri osafunsidwa bwino, ndipo ena anatsala opuwala maganizo moyo wawo wonse. Malamulo a Helsinki a 1964, okhudza kafukufuku wochitidwa pa anthu, amanena kuti wodwala avomere yekha atamvetsa, ndipo kuno kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Medical Research Council of Zimbabwe.

Madokotala a ubongo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ndikufuna kukhala m'modzi wa iwo. Mawa ndili ku kiliniki ya ana odwala khunyu. Usiku uno ndiwerenga za mankhwala a khunyu otchedwa phenobarbitone ndisanagone.