Loweruka ku Kawale: ana adzakhala a ndani?

Lero ndaswera ku Kawale kwa mlongo wanga. Mwana wake wamkazi wapeza banja, mnyamata wa ku Mzimba, ndipo akuchimuna anabwera kuti tidziwane chinkhoswe chisanachitike. Ine ndiye malume, mwini mbumba, choncho wolankhula kumbali yathu ndinali ine.

Zinayenda bwino, thobwa likuzungulira, mpaka pamene nkhoswe yawo, bambo waimvi wolankhula mofatsa, inatchula za lobola: ng'ombe, kapena ndalama zolowa m'malo mwake. Mlongo wanga, ali pamphasa, anakokera chitenje kumapazi n'kuzolika. Ndinadziwa zimene zinali mumtima mwake: mwana wathu sitigulitsa.

Ife a ku Dowa tinakula tikudziwa kuti ana ndi a kuchikazi. Mwamuna amabwera chikamwini, munda ndi wa mbumba, ndipo ngakhale mkazi atengedwe chitengwa, kwawo kwa ana n'kwa amayi awo. Pachinkhoswe timasinthana tambala ndi msoti, kupereka khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko, nkhani yatha. Ndinawafotokozera zimenezi mwaulemu.

Bambo aja anayamba aomba m'manja. "Bambo, ng'ombe si mtengo wa munthu ayi. Ndi umboni woti ana tawalandira. Adzalima pamalo a agogo awo, ndipo akadzamwalira adzagona m'manda mwathu. Popanda zimenezi, kwathu mwana amasowa poima."

Mawu amenewa andikhala pamtima tsiku lonse. Makolo awo Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba, chuma chawo chili ng'ombe, ndipo mpaka lero ng'ombe ndiyo imamanga ubale wawo. Ife tikamva lobola timamva malonda. Iwo akamva chikamwini amaona mwamuna wopanda pakhomo pake. Koma mantha a bambo aja ndi anga omwe: mdzukulu asadzakhale mlendo kulikonse kumene wapita.

Eni ake a ukwatiwo akufuna kukachita lendi ku Area 25, kumene kulibe chikamwini kapena chitengwa, kuli landilodi basi. Lilongwe chikhalire likulu mu 1975 yasonkhanitsa mitundu yonse, ndipo achinyamata amaona ngati izi n'zachikale. Ine sindikuvomereza. Maliro akagwa m'tauni muno, galimoto imalowera kumudzi, ndipo pamafunika kudziwa kuti mudzi wake ndi uti. Ndaonapo mabanja akukanganirana mtembo pakhomo, ana amasiye akuonerera.

Nditapita kuseri kukasamba m'manja, mtsikanayo ananditsatira n'kugwada. "Malume, chonde musandisankhitse pakati pa inu ndi iwo." Ndinamuuza kuti sindidzatero.

Sitinamange mfundo. Tagwirizana kuti mbali iliyonse ikafunse akuluakulu ake, tidzakumanenso mwezi ukatha. Mawa m'mawa ndikwera minibasi ya ku Mponela kukawatulira amayi nkhaniyi, chifukwa popanda mawu awo sindingayankhe chilichonse.