Nyimbo za chaka chino zomveka ngati zakale

Kwa ine, nyimbo zokoma chaka chino ndi zija zabweretsanso banjo, babatoni ndi ng'oma zenizeni za tchopa. Kuno ku Thyolo, kwawo kwa malemu Alan Namoko, katswiri woyimba banjo uja, za banjo simungatinamize.

Koma ojambula nyimbo ambiri akuphonya. Akumatenga banjo ya pakompyuta n'kuyiika pa ng'oma zowongoka ngati rula, nyimbo n'kuuma gwa. Jambulani oyimba onse pamodzi m'chipinda chimodzi, liwiro likamasinthasintha pang'ono musalikonze. Maikolofoni ikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa banjo. Mukayiyandikizitsa kwambiri, mumangomva zala zikukhula nsambo. Babatoni musamuwonjezere besi, chifukwa masipika a m'minibasi za ku Limbe amangoti phwerere. Autotune, pulogalamu ya pakompyuta yowongola mawu a woyimba, nayonso chepetsani abale, imapha kunjenjemera kwa mawu kuja.