Nsima imene inakana kutemedwa

Amuna anga atapezeka ndi shuga, kuchipatala anawauza kuti achepetse nsima, mpunga, buledi ndi mbatata. Koma Khirisimasi ya mu Lusaka ndi zomwezo: nkhuku ndi mpunga, nsima pambali poti akuluakulu sakhuta mpunga. Apongozi anali atafika kale kuchokera ku Katete, nkhuku yakumudzi ili m'khwapa.

Zina sizinavute. Nkhuku ilibe mlandu, bola msuzi wake musathire fulawa. Uwire ndi matimati ndi anyezi osavundikira, ulimba wokha. Chibwabwa chotendera chinabwera mmene chimakhalira. Mpunga ndinapanga wa kolifulawa wa ku Soweto Market: kupala pa gireta, kukazinga mphindi zisanu pa moto waukali ndi timafuta pang'ono. M'magalamu 100 a mpunga wophika muli magalamu pafupifupi 28 a makabohaidireti, amene amasanduka shuga m'thupi, pamene a kolifulawa muli 5 okha. Atatheka mpungawo ndinadzimva, n'kuti nayonso nsima ikhale ya kolifulawa.

Kaphikidwe kake koyenera n'kotere. Mutu umodzi waukulu muuduledule, muufutse mphindi zosapitirira khumi, muusinje, kenaka muufinye m'nsalu yoyera mpaka dontho lisiye kugwa, chifukwa kolifulawa ndi madzi kupitirira 90 peresenti. Bwezerani mumphika pa moto wochepa, thirani supuni imodzi yaikulu ya ufa wa psyllium (ufa wa makoko a njere za chomera china, umene umatupa n'kunanda ukamwa madzi), vundulani, n'kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu. Ufa umenewu sugwira pompo ngati wa chimanga, umayamba wamwa madzi kaye. Ikakhala yofewa, onjezani theka la supuni basi.

Tsikulo magetsi anathima, ndinatereka pa mbaula, alendo n'kuyamba kufika. Pokumbukira, kolifulawa anali atabwata theka la ola. Akapsa kwambiri amatulutsa fungo la mazira owola. Aneba athu kuno ku Chilenje anasuzumira pampanda n'kufunsa mwaulemu ngati paipi yachimbudzi yaphulikanso.

Kufinya sindinafinye. Mwana wa kum'mawa anayamba wafinyapo nsima? Ndinathira supuni ija, phala lili tapatapa. Dzanja lozolowera linachita zake: kutapa, kuwaza, kuvundula, kutapanso, mpaka paketi inapepuka. Posakhalitsa mthiko unaima wokha pakati pa mphika. Poomola, chipande chinalowa koma potuluka chinanyamula nsima yonse, mphika n'kutsala mbee. Mitanda ndinachita kudula ndi mpeni.

Apongozi aamuna anasamba m'manja, napemphera, natema. Mtanda wonse unatsata dzanja, n'kutamuka ngati legeni, ndipo atausiya unabwerera m'mbale, phwa! Anayesanso cha m'mphepete, chimodzimodzi. Munthu wamkulu sangayankhule ndi mpongozi maso ndi maso, ndiye anaitana mdzukulu.

"Iwe, kafunse amako kuti chimanga chimenechi n'cha mbewu yanji, ndingadzadzale mwangozi."

Apongozi aakazi sananene kanthu. Anangomanga chitenje, natenga thumba la ufa, nalowera ku mbaula.

Amuna anga, pofuna kundichotsa manyazi, anameza mitanda iwiri, naonjezera mpunga wa kolifulawa mbale yodzaza, madzi osamwa. Psyllium amafuna kutsatizidwa ndi madzi ambiri, apo ayi amatupa n'kumanga m'mimba, ndipo kolifulawa naye amadzaza mpweya kwa amene sanamuzolowere. Woyamba kumene adye kamtanda kamodzi, tambula ya madzi ili pambali.

Cha m'ma 11 usiku mimba ya bambo inayamba kulankhula. Ankayenda uku ndi uku m'nyumba atagwira m'chiuno, kukugunda ndithu. Ndinamva chitseko cha kuchipinda cha alendo chikutseguka, apongozi aakazi akudzutsa mdzukulu.

"Dzuka, mvula iyo! Kaanule zovala pachingwe."